Mkanda Woyera pa Uta

Kwathu ku Nsanje mkazi sagwira uta. Saudumpha, saukhudza, ngakhale ugwe pakhomo pomwe akusesa, amasesa mouzungulira. Ine ndinakhala ndi amuna anga zaka zonse zija m'nyumba imodzi ndi uta wawo, koma dzanja langa silinaugwirepo mpaka tsiku limene tinabwera kowaika. Komabe amene anauwononga utawo ndine, osaukhudza n'komwe. Ndi pakamwa pokha.

Tinabwera m'tauni muno ndili ndi mwana mmodzi kumsana. Abambo a kunyumba, amuna angawo, anapeza ulonda pa shedi ina ku Ginnery Corner, yosungiramo matumba a mchere ndi feteleza. Masiku amenewo chida cha mlonda chinali uta, ndipo mabwana ankakonda anthu a kumunsi chifukwa ankati sitiphonya. Mbava sanalasepo ndi imodzi yomwe. Ankati uta wa mlonda ntchito yake n'kuoneka basi. Koma Loweruka akaweruka ankakwera phiri la Soche, lomwe lili kuseri kwa nyumba yathu, ndipo kumeneko utawo unkagwira ntchito yake yeniyeni: mbira za m'miyala, nkhwali, nthawi zina ntchenzi kumadimba. Nthawiyo phirilo linali lisanametedwe mpala ngati lero.

Kuphiriko ankapita ndi asuweni awo a ku Nkolokosa, mwana wa amalume awo, a mbumba imene inawoloka kuchokera ku Mozambiki. Asuweniwo uta sankaudziwa, koma anali ndi galu wofiira wa khutu limodzi long'ambika, katswiri povumbulutsa mbira m'mapanga. Anthu awiriwa moni wawo unali chipongwe. Asuweni akafika pakhomo ankakuwa kuti, "Alamu, nkhalamba yanu ija ikadapuma?" Abambo ali m'nyumba ankayankha, "Ndikupuma, ndikudikira ndidzadye kaye nyemba za pamaliro anu." Akatero ndiye kuti onse ali bwino.

Matipate atangolowa, maso a abambo anayamba kutha. Sanayambe ndi chifunga ngati ng'ala ya anthu ena, ayi. Diso ukaliyang'ana linali labwinobwino. Kungoti dziko linayamba kuwachepera m'mbali. Polowa m'nyumba ankagunda phewa pafelemu ya chitseko. Ndikaika tiyi pambali, ankafunsa kuti, "Tiyi lero kulibe?" kapu ili pachigongono pawo. Za kutsogolo ankaziona, za m'mbali zinkapita, ngati munthu wosuzumira m'nsungwi yoboola. Tsiku lina kuntchito lole inalowa pageti kunja kutayera kale, iwo ali chiimire osaiona, mpaka dalaivala anachita kuwalizira hutala pakhutu. Bwana sanakalipe. Anangoti, "Madala, mwagwira ntchito, kapumeni." Anafika kunyumba ndi uta paphewa dzuwa lili pamutu.

Ndinawakokera kukiliniki ya kwathu kuno. Anesi anawaunika ndi katochi, nkhope yawo n'kusintha. Analemba kapepala, nati tipite nako kuchipatala chachikulu kwa madokotala a maso, sabata yomweyo, osati mwezi wamawa. M'nyumba mwathu wodziwa kuwerenga anali abambo. Ine zilembo ndimaziona ngati pomwe papalasa nkhuku. Anakawerenga pakhonde atakatalikitsa, kenaka anakapinda n'kukalowetsa m'Baibulo.

"Akuti chiyani?" ndinafunsa.

"Akuti ndipite ndikapeza mpata."

"Ine ndinamva ndi makutu angawa kuti sabata ino."

"Ndiye mpatawo ndikuufunafuna, mayi."

Chifukwa chake mpatawo sunkapezeka ndinkachidziwa. Tonse tinakula tikumva kuti kuchipatala cha maso amakugoneka, n'kukolowola diso, kuliika m'mbale, kulitsuka, kenaka kulibwezera. Ena ankati akakhala otopa amalibwezera mozondoka. Lero mukhoza kuseka, ndipo nanenso ndinadziwa kuti linali bodza, koma nthawiyo tinkakhulupirira ngati mmene timakhulupirira kuti m'Shire muli ng'ona. Munthu amene sankaopa mbava, mbale imeneyo ankaiopa ngati mwana. Ndinene zoona, nanenso ndinkaiopa.

Kutha kwa ntchito sikunawapweteke kwenikweni. Chinawapweteka ndi Loweruka limene anatsika kuphiri chimanjamanja, kenaka lina, kenakanso lina. Anandifotokozera okha kuti mlenje wa uta sayang'ana muvi. Amayang'ana nyama, ndipo muviwo amauona ndi m'mbali mwa diso. M'mbalimo ndi mmene munali mutafa.

Asuweni ankaphika kwa mzungu wina kumayadi. Ndiwo anabwera ndi nkhani yoti bwana wawo ali ndi uta wachizungu wopachika pakhoma, wokhala ndi mawilo kunsonga.

"Pamwamba pogwirira pali kachitsulo ka timisomali ta mitu yowala," anatero. "Ukafuna kulasa umangoika mutu wa msomali pa nyamayo, basi, n'kusiya nsinga. Zonse zili kutsogolo kwa mphuno. Ngakhale inu mukhoza."

"Uta wa mawilo?" anatero abambo. "Imeneyo ndi njinga, asuweni. Mzungu wanuyo anakunamizani."

"N'chifukwa chake ndikuti tipite kwa wokonza njinga."

Tinapita tonse atatu ku Limbe, utawo ataukulunga okha m'chitenje changa chakale. Kondakitala wa minibasi ataona nsonga yake anati, "Madala, nkhondo ili kuti, tiyambe kuthawa?" Anthu anaseka. Abambo anasekanso, koma nthawi yonseyo ankaugwira pachifuwa ngati khanda.

Wokonza njingayo ankakhala pansi pa mtengo kuseri kwa msika, bambo wamfupi wa ku Mulanje, zala zake zili bii ndi girisi. Asuweni anamujambulira pansi ndi kamtengo. Iye anayang'ana, nayang'ananso abambo.

"Madala, m'tauni muno mukufuna kulasa ndani? Alandilodi?"

"Mbira."

"Mbira zikadalipo kwa Soche? Ndinkayesa zinapita ndi mitengo."

"Zilipo. Zikundiseka pamwala."

Munthuyo anasiya njinga ya mwini itagada, natichitira zinthu zitatu kuti tisankhe. Choyamba chinali msomali umodzi wokhomerera pa utawo. Anati ichi n'chosavuta, sichithyoka, sichisuntha.

"Ndiye vuto lake limenelo," anatero abambo. "Maso anga akusuntha mwezi ndi mwezi. Msomaliwo udzatsala pomwe ndinali chaka chatha. Komanso uta wa bambo anga sukhomedwa msomali ngati bokosi la maliro."

Chachiwiri chinali ngati cha mzungu uja: masipoko atatu ondandalika ngati chipeso, la pamwamba la nyama yapafupi, la pakati la yapakatikati, la pansi la yakutali. Anachimangirira ndi mphira. Abambo anaimirira, anakweza uta, naloza mzati wa magetsi kutsidya kwa msewu. Anatsinzina diso limodzi. Anthu odutsa anayamba kupatuka.

"Ndikuona ntchentche zitatu zikuvina," anatero. "Ndikamasankha kuti yanga ndi iti, mbira ili kale m'phanga."

"Mitala inakukanikani muli mnyamata," anatero asuweni, "mungathe misomali itatu lero?"

"Inu mkazi mmodzi yemweyo anakuthawani kawiri."

"Koma anabwerera kawiri."

Chachitatu anachichita modekha, lilime ali nalo panja. Anatenga kabawuti kakatali ka mabuleki a njinga, nakamanga ndi mphira motsatira utawo pamwamba pogwirira. Pa kabawutipo panali kanati, ndipo pa kanatipo anawotcherera kachidutswa ka sipoko koloza cham'mbali. Ukazunguliza kanati, kansonga ka sipokoko kankakwera kapena kutsika. Ukafuna kumanzere kapena kumanja, unkangokapinda pang'ono ndi chala.

"Lamulo lake ndi limodzi," anatero. "Kazitsatira muvi. Muvi ukagwa m'munsi, katsitseni. Ukapita kumanzere, kapindireni kumanzere. Koma pafunika munthu woima kutsogoloko wokuuzani zoona, chifukwa kachitsuloka pakokha n'kopusa. Kamangomva zomwe kauzidwa."

Abambo anazunguliza kanatiko, kukweza, kutsitsa, kukwezanso. Nkhope yawo ndinali ndisanaione choncho chichokere pantchito.

"Ndatenga aka. Ndikufuna kanthu komva kudzudzulidwa." Kenaka anatembenukira kumanja, komwe ankaganiza kuti ndaima, nati, "Munthu wa zoona ndili naye." Ine ndinali kumanzere. Ndinasendera mwakachetechete kuti mawuwo andipeze.

Anakatcha kadiso. Kunyumba tinapeza kuti kansonga kake sankakaona bwino, kanali kakuda ngati miyala ya m'phirimo. Ndinalowa kuchipinda, ndinamasula chingwe changa cha mikanda, chomwe azakhali anga anandimanga ndikupita kubanja. Ndinayala mikanda pachivundikiro cha poto, wofiira, wakuda, wachikasu, woyera, n'kuima nayo poteropo.

"Mukuona uti?"

"Woyerawo."

"Enawa?"

"Woyera wokhawo." Kenaka anaseka chapansipansi. "Paja ndi umene ndinkauyembekezera kuyambira kale."

Amene anakwatiwa masiku athu akudziwa chimene mkanda woyera umanena m'chipinda. Ndinawatukwana kuti ndi nkhalamba yopanda manyazi, ndipo tinaseka mpaka mwana wa aneba anasuzumira pampanda. Mkandawo anaulowetsa okha pansonga ya sipoko, naumata ndi phula.

Kuseri kwa nyumba yathu kunali uvuni wakale wa njerwa umene eni ake anausiya utagumuka. Tinapachika thumba la utuchi patsogolo pake. Iwo ankaima mapazi makumi awiri kuchokera pathumbapo, ine ndinkabisala kuseri kwa mwala waukulu cham'mbali. Akaponya ndinkasuzumira n'kukuwa komwe muvi wagwera. Akamaliza ndinkazula miviyo n'kuwabweretsera, poti ankati muvi ukafika pansi ndi wa aliyense, choletsedwa ndi uta.

Tsiku loyamba lomwelo ndinawakumbutsa. Ndinati kadiso n'kabwino, nanga kapepala kaja?

"Tipangane," anatero. "Lachisanu lililonse mivi khumi pathumba. Tsiku limene idzalowe yosakwana isanu, Lolemba lake ndikupita, akaike maso anga m'mbale yawoyo." Anaitanitsa Baibulo, kapepala kali momwemo, naikapo dzanja. Amuna anga akalumbira sankabwerera. Zimenezo ndinkazidziwa bwino, ndipo muzikumbukire.

Poyamba kadiso kanagwira ntchito, inu. Ndinkakuwa, "M'munsi!" iwo n'kutsitsa. "Kumanzere, ngati chikhatho!" iwo n'kupinda. Sabata yachiwiri inalowa isanu ndi iwiri, yachitatu isanu ndi itatu. Muvi ukalowa m'thumba unkalira kuti bu! ndipo ine ndinkavina kuseri kwa mwala. Loweruka lina anatsika kuphiri ndi nkhwali, ataigwira m'miyendo kuti njira yonse ione. Asuweni anati nkhwaliyo inali yodwala kale, inangofa ndi mantha. Anaidya komabe, mpaka kuswa mafupa.

Kenaka mvula inayamba. Kuphiri kunali koterera, ndiye anasiya kukwera, kunangotsala thumba la Lachisanu. Ndi m'miyezi imeneyo mmene mivi inayamba kuthawira kumanzere. Ndinkanena, iwo n'kupinda sipoko. Sabata yotsatira kumanzerenso, n'kupindanso. Isanu ndi umodzi. Isanu. Isanu. Muvi ukaphonya unkalowa m'njerwa zonyowa za uvuni, osamveka bu, koma tsa, ngati khasu pa nthaka yolimba.

Lachisanu lina kunali mitambo. Anaponya isanu ndi inayi, ndipo m'thumba munali inayi. Anakoka wakhumi. Ndinamva tsa.

"Wakhumiwo?" anafunsa.

Ndinasuzumira. Muvi unali m'njerwa, kutali ndi thumba ngati mkono wathunthu. Ndinayang'ana kwa iwo. Anali ataima uta uli m'manja, khosi atasolola, kukamwa kuli pang'ono yasa ngati mwana wodikira kumva ngati wakhoza mayeso. Kamkanda kanga kankaoneka mbee. M'mutu mwanga munabwera mbale ija, ya enamulo yoyera ya mkombero wabuluu, ngati yomwe tinkatsukiramo m'manja.

"Walowa!" ndinakuwa. "M'mphepete, koma walowa!"

"Ndiye isanu?"

"Isanu."

Anapumira m'mwamba, nati, "Mbale idikire."

Bodza loyamba ndi limene limalemera. Enawo amangobwera okha ngati anapiye otsatira make. Sabata yotsatira inalowa itatu, ndinati isanu ndi umodzi. Ina iwiri, ndinati isanu ndi iwiri, chifukwa tsiku limenelo anali atadzuka osakondwa. Ndinaphunzira kupukuta dothi lofiira la pansonga za mivi ndi mkati mwa chitenje ndisanatuluke kuseri kwa mwala. Ndinaphunziranso kusiya umodzi kapena iwiri kuti yaphonya, kuti nkhani imveke. Ndipo poti ndinkati yalowa, panalibenso chifukwa chozungulizira kanati. Kanthu kaja anakasankha kuti kazimva kudzudzulidwa, ine ndinasiya kukadzudzula. Mvula inakamenya, kanayamba dzimbiri pomwepo.

Musaganize kuti ndinkagona tulo tabwino. Lachinayi lililonse kumapemphero a amayi ndinkati mawa ndinena. Lachisanu likafika, ndikaona mmene ankadzukira, kumeta ndevu, kuwongola nthenga za mivi ndi malovu, ndinkati sabata yamawa. Ndinkadziuza kuti ndikuwasungira maso awo kuti asalowe m'mbale. Ndinkadziuza kuti munthu amene wataya ntchito usamulandenso Lachisanu lake. M'nyumba anayamba kuyenda dzanja lili kukhoma. Ndinkachotsa mipando m'njira mwawo asanadzuke, kuti asadziwe.

Mvula inatha, udzu unauma, anthu anatentha phiri. Asuweni anabwera ndi galu wawo Loweruka m'mamawa.

"Alamu, ndamva kuti kuno thumba la utuchi likuphedwa sabata ndi sabata. Tiyeni nayo nkhalambayi ikaphe chinthu chodyedwa."

Ndinati kudakali mphepo, adikire. Ndinati bondo lawo likuwawa. Abambo anati, "Dzulo inalowa ingati, mayi?"

Dzulo lakelo ndinali nditanena isanu ndi iwiri. Ndinabwereza pamaso pa asuweni, "Isanu ndi iwiri."

"Mwamva?" anatero abambo, natenga phodo.

Ndinakhala ndikuchapa pampopi, maso ali kuphiri. Dzuwa litapendeka ndinawaona akutsika kanjira ka pakati pa miyala. Asuweni anali patsogolo atasenza chinthu m'thumba paphewa, cholemera ndithu, magazi akudontha kumsana kwa malaya awo. Ndinati Mulungu wandiphimbira bodza langa, apha gwape! Ndinasiya zochapa, ndinathamanga, ndinaimba nthungululu njira yonse mpaka amayi a m'mipanda anatuluka.

Asuweni anatula thumba pansi pa mtengo wa mapeyala. Panatuluka khutu long'ambika lija.

Nthungululu yanga ndimaimvabe mpaka lero.

Abambo anakhala pakhonde, uta uli pamiyendo. Asuweni anabwera pomwe ndinaima. Chiwadziwire, ndi tsiku lokhalo limene anandilankhula popanda nthabwala.

"Alamu, mbira inali pamwala. Galu anali kumanzere, kutali ngati pano ndi pampopi paja. Muvi unamulowa m'nthiti. Kumeneko si kuphonya kwa munthu amene amalowetsa isanu ndi iwiri."

Anandiyang'ana. Ine ndinayang'ana zala za kumapazi. Asuweni anapempha khasu, nakamukumbira galuyo okha kuseri kwa uvuni.

"Mayi," anaitana abambo. "Nditulutsireni kapepala kaja m'Baibulo."

Lolemba tinapita. Chipatalacho zaka zonse za ulonda ankachidutsa kawiri pa tsiku. Tinakhala pabenchi mpaka masana, ine ndikuyang'ana chitseko chilichonse chikatseguka kuti ndione mbale. Adokotala anali mtsikana wa msinkhu wa mwana wathu wachiwiri. Anawakhazika pampando, chibwano pakachitsulo, nawaunika ndi kamoto kabuluu. Basi. Palibe mpeni, palibe kugonekedwa. Kenaka anatenga kapepala kaja, kali kofiirira m'mopinda.

"Agogo, kapepala aka n'ka chaka chatha. Munali kuti nthawi yonseyi?"

"Ndinali kusaka," anatero abambo.

Adokotala sanaseke. Anafotokoza pang'onopang'ono kuti madzi a m'kati mwa diso ankapanikiza mtsempha wa kuseri, ndipo mtsemphawo ukafa sudzukanso. Diso la kumanzere linali litapita. La kumanja linatsala kabowo ngati ka singano. Anati atipatsa mankhwala odontheza kuti agwire kotsalako.

"Mukanabwera pamene kanalembedwa aka, tikanagwira chambiri," anatero.

Ine pakamwa panatseguka pokha. "Nanga mbale?"

"Mbale yanji, amayi?"

"Yoikamo maso."

Anandiyang'ana ngati ndalankhula Chisena chakuya. "Kuno kulibe mbale. Ndi madontho basi, m'mawa ndi madzulo."

Madontho basi. Chaka chathunthu ndinkabisa munthu wanga kuseri kwa mwala, kumuthawitsa madontho.

Tinatuluka ndikuwagwira dzanja, koyamba pamsewu chikwatirane. Pa siteji ya Ginnery Corner maminibasi ankaitanira, a Limbe, a kwa Soche, a ku Chilobwe, koma ine ndinati tisakwere kaye. Tinakhala pakakhoma ka ngalande, moyang'anana ndi njira yopita kushedi yawo yakale. Ndinanena zonse. Ndinayambira Lachisanu la mitambo lija, ndinanena za chitenje chopukutira, za mipando, za isanu ndi iwiri. Ndinkalira ngati pamaliro, mayi wogulitsa nthochi mpaka anasendera kutali.

Anandisiya ndimalize. Kenaka anati, "Utuchi sulira ngati njerwa, mayi."

Ndinasiya kulira.

"Munthu maso akamatha makutu amakula. Bu ndimamudziwa, tsa ndimamudziwa. Ndiponso chitenje chanu sichinkafika m'mizere ya pansonga. Dothi ndinkalipeza ndi chikhadabo."

"Nanga bwanji simunanene?"

"Ndikananena, Lolemba lake ndikanabwera kuno. Paja ndinalumbira." Anapukuta kumaso ndi chipewa. "Makutu ankandiuza zina, inu munkandiuza zina. Ndinasankha inu. Ndipo ndinamva isanu ndi iwiri kambirimbiri mpaka ndinayamba kuganiza kuti mwina makutu ndi amene akalamba. Ndi mmene ndinakwerera phiri."

Ndinkafuna andikalipire. Akanandimenya ndi chipewa chomwecho, bwenzi nditapepukidwa. Koma sanandichotsere mlandu, sanandiunjikirenso wonse. Anangougawa pakati ngati chigumu, wanga uwu, wawo uwo. Anati, "Galu yekha ndi amene sanasankhe kanthu." Kenaka anaimirira nati tikwere, dzuwa likupita.

Madontho ndinkawathira ine, m'mawa ndi madzulo, osaphonya ndi tsiku limodzi lomwe. Kabowo ka singano kaja kanakhala mvula ziwiri, kenaka kanatseka. Uta anaupachika okha pamsomali kuchipinda. Asuweni sanawetenso galu. Anatha miyezi akubwera n'kumangopereka moni wa ulemu, "Mwadzuka bwanji, achimwene," ndipo moni umenewo unkawapweteka abambo kuposa mdima. Tsiku limene anakuwanso pampanda kuti, "Alamu, nkhalamba ija simunaitayebe?" abambo anagwetsa kapu ndi chimwemwe.

Chaka chawo chomaliza, masana ena ndikusankha nyemba pakhonde, anandifunsa mwadzidzidzi.

"Mayi, Lachisanu lomaliza lija. Inalowa ingati?"

"Umodzi."

"Umodzi." Anagwedeza mutu. "Pati?"

"M'munsi, kumanzere. Pomwe panali msoko."

"Wachingati?"

"Wachitatu."

"Ndinaumva," anatero. "Ndinkangofuna ndiumve kwa inu."

Titabwera kowaika, asuweni anati utawo upite kumudzi kwa amuna a pabanja lawo, monga mwa mwambo. Ndinati upite, koma kadiso n'kanga. Anatambasula dzanja kuti andimasulire. Ndinati ayi. Ndinaupachula ndekha pamsomali, amayi a m'chipindamo akuti, "Ii, alamu!" Unali wopepuka, inu. Zaka zonse zija ndikusesa mouzungulira ndinkayesa ndi chinthu cholemera.

Mphira inali itauma, inangothetheka m'zala. Asuweni anatenga kachitsuloko nayesa kuzunguliza kanati. Kanakana. Anayesa ndi mano a mpeni, kanakana.

"Ndikathire mafuta a makina, alamu. Kamasuka."

Ndinawalanda. Ndinati kasiyeni pomwepo, pamenepo ndi pomwe ndinasiyira kunena zoona. Sanandifunse zambiri, poti anali akudziwa kale.

Kali m'Baibulo lawo, pomwe pankakhala kapepala. Bukulo silitsekeka bwino chifukwa cha iko. Mkanda wokha ndi umene dzimbiri linaulephera.